Buku la utsogoleri wa timu kapena la cholinga cha moyo, ndiyambe liti? Ndalama ndi ya limodzi basi

Kapitawo_Watsopano

Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni maganizo apa, mutu waima.

Mwezi wathawu andikweza pantchito, pano ndine supavaiza wa shifiti ya m'mawa pamalo ena osungira katundu ku Kanengo kuno, dzina la kampani tisiye kaye. Ndikuyang'anira anthu 9, makalaliki awiri, woyendetsa forklift mmodzi, otsalawo ndi anyamata okweza ndi kutsitsa katundu m'malole. Onsewa ndi anthu oti dzana lomweli timadyera limodzi chipisi cha pachiwaya masana uku tikuwanena mabwana, lero bwana wake ndine.

Nde ndimafuna ndigule buku loti lindiongoleko. Ndazungulira m'mashopu a mabuku ku Old Town komanso kwa anyamata oyala mabuku pansi aja, mtima wagawikana pawiri. Mbali imodzi kuli a kayendetsedwe ka timu, lomwe landikoka kwambiri ndi The Five Dysfunctions of a Team la Patrick Lencioni, komanso a John Maxwell ali mbwee paliponse. Mbali inayi kuli aja a cholinga cha moyo, The Purpose Driven Life la Rick Warren ndi In Pursuit of Purpose la Myles Munroe. Thumba likuloleza limodzi, mukudziwa nokha mmene zinthu zochokera kunja zinakwerera chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 muja, ndipo olo ndalamayo ikanakhalapo nthawi yowerenga awiri ndilibe, ndimafika kunyumba ku Area 25 nditatheratu.

Mavuto a timu alipo ndithu. Muli bambo ena achikulire, anayamba ntchito pamalopa ine ndili ku pulayimale, ndi omwewonso anandiphunzitsa kuwerenga stoko ndi kulemba ma delivery note nditangofika. Masiku ano akumafika 8 koloko itadutsa pomwe shifiti imayamba 7, akafika amandipatsa moni ndi ulemu wake wonse, "mwadzuka bwanji bwana", mpaka kuvula chipewa, ine mawu amangondithera. Palinso mnzanga wa ponda apa nane mpondepo amene akuona ngati kukwezedwa kwangaku ndi chiphaso choti iye aziweruka nthawi yomwe wafuna. Ndikaitanitsa mitingi Lolemba m'mawa onse amangoti zii kuyang'ana pansi, ndikafunsa ngati pali funso akuti "zamveka", kukacha Lachiwiri zinthu zili chimodzimodzi.

Koma pali china chomwe kuntchito sindinauze munthu. Atandiitana mu ofesi kundiuza za udindowu sindinamve kukoma kulikonse. Ine sukulu ndinapanga za ulimi, maloto anga anali ulimi wa mthirira kwathu ku Dedza, ntchito ino ndinangoilowa kuti ndizipeza ya lendi podikira zina, zinazo mpaka lero sizinabwere. Nde ndikuopa kuti ndikalimbikira za utsogoleri ndikhala katswiri pa chinthu chomwe mwina sindikuchifuna nkomwe, ndidzadzidzimuka ndili ndi zaka 50 ndikuwerengabe matumba a feteleza a eni ake.

Amene munawerengapo mabukuwa, ndiyambe liti? Chonde osandiuza kuti onse ndi abwino, zimenezo ndikudziwa kale kkk.

Nkhalakale_waThyolo

Achimwene, zabwino zonse pa udindowo. Ine ukapitawo ndaugwira nthawi yaitali, ndinayambira ku esiteti ya tiyi kenako ku fakitale ku Blantyre, pano ndinapuma. Gulani la timu.

Werenganinso nokha zomwe mwalembazo. Nkhani ya ku Dedza ikhoza kudikira miyezi itatu osaonongeka kanthu, munda suthawa. Koma ya bambo ofika mochedwa aja siidikira, anzawo 8 aja akuona ndipo akudikira kuti kodi mulankhula kapena ayi. Miyezi yoyambirirayi ndi imene anthu amakuyeza kuti uyu ndi wotani, mukailekerera mudzatha chaka chonse mukuthamangitsa zomwe zinatayika pa masabata ochepa.

La Lencioni ndinaliwerenga, anandibweretsera mwana wanga wamkazi. Linatuluka mu 2002 ndipo ubwino wake analilemba ngati nthano, mayi wina dzina lake Kathryn wapatsidwa kampani ya zamakompyuta ku Silicon Valley yomwe mabwana ake sakumwerana madzi, ndiye mumangotsatira nkhaniyo mpaka kumapeto komwe amamasulira mfundo zake. Matenda asanu amene amatchulawo amaberekana. Loyamba ndi kusakhulupirirana. Anthu akapanda kukhulupirirana amaopa kutsutsana poyera, akapanda kutsutsana zomwe mwagwirizanazo sazitenga ngati zawo, akapanda kuzitenga ngati zawo palibe wodzudzula mnzake akaphonya, mapeto ake aliyense amangosamala zake, zotsatira za gulu zimasowa mwini. Tsopano yang'anani mitingi yanu ya Lolemba ija. "Zamveka" uja si kuvomera ayi, ndi matenda achiwiri ndi achitatu ali pamodzi.

Koma ndikuchenjezeni. Bukulo analembera mabwana a ku America okhala pa tebulo limodzi, a misinkhu yofanana pantchito, oti akhoza kuuzana pamaso kuti ganizo lakolo ndi lopanda mutu kenako nkukamwera limodzi khofi. Inu mukanyamula zimenezo mmene zililimo nkukaziika pa mitingi ya ku Kanengo, nkunena kuti lero aliyense atchule chofooka cha mnzake, timu mudzaiphwasula tsiku lomwelo. Mnyamata wa zaka 22 wokweza matumba sangadzudzule bambo a zaka 55 pagulu, ndipo atati watero anzake omwewo ndi amene adzamunene kuti ndi wopanda mwambo. Kwathu kuno kutsutsa kumabwera mozungulira, munthu amakupeza pawekha kuseri kwa lole nkuyamba ndi za Bullets ndi Wanderers, mwaseka mwaseka, kenako ndi pomwe amati "komatu bwana zija munanena zija zivutirapo". Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti mpata wa kuseri kwa lolewo ukupezeka pafupipafupi, ndipo chimene mwamva kumeneko muzichibweretsa nokha pa mitingi osatchula mwini wake. Akaona kawiri katatu kuti wonena sanapsepo ndipo chinthu chasintha, ayamba kulankhula pagulu okha. Matenda amene Lencioni akunena ndi oona, mankhwala ake ndi amene muwasinthe.

Za bambo achikulirewo, musawatchule pa mitingi, olo mozembaitsa kuti "ena mwa ife akumachedwa", aliyense amadziwa amene mukunena ndipo manyazi ake ndi omwewo. Apezeni paokha, bola poweruka, muyambe ndi kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Mwina ndi thiransipoti, mwina akudwazika, mwinanso ankayembekezera kuti mpandowo ukhala wawo ndipo chipewa akuvulacho ndi njira yokuuzirani zimenezo. Mukamva mbali yawo muwauze mosapsatira kuti anyamata amaonera iwo, akachedwa iwo inu mulibe pakamwa pouzira wina aliyense. Kenako apatseni chawo chooneka ndi maso, kaya akhale oyang'anira kuwerenga stoko ya Lachisanu kaya ophunzitsa obwera kumene. Anthu akale pantchito chimene amaopa kwambiri ndi kuoneka kuti atha ntchito pamaso pa ana.

Za mnzanuyo ndilibe nzeru yokoma. Mumuuza kamodzi muli awiri, akabwereza mumulembera. Mwina chinzake chithera pomwepo, mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mai_a_Tadala

Ine ndisiyana nawo pang'ono bambo a ku Thyolo, mundikhululukire kkk.

Mu uthenga wa achimwenewa ndime yomalizayo ndi imene ili ndi ululu. Za ochedwa ndi za mitingi azilemba ngati akupereka lipoti, koma atafika pa Dedza mawu asintha. Munthu amene mtima wake suli pamalo kutsogolera ena kumamuvuta, anthu amanunkhiza, amadziwa kuti uyu nayenso akungodikira nthawi yoweruka ngati ife tomwe. Nde mukhoza kuloweza njira zonse zoyendetsera mitingi koma ngati m'kati mukudzifunsa kuti kodi ndikutani pano zidzaonekera pankhope basi.

The Purpose Driven Life tinaliwerenga pa gulu la amayi kutchalitchi kwathu. Lili ndi machaputala 40 afupiafupi, analikonza kuti uziwerenga chimodzi patsiku kwa masiku 40, nde zoti mumafika mutatopazo si vuto, chaputala mumachimaliza madzi osamba asanatenthe pa mbaula. Koma ndinene chilungamo kuti musagule mukuyembekezera zina. Rick Warren ndi m'busa, ndi amene anayambitsa mpingo wa Saddleback ku California, ndipo bukulo ndi lachikhristu kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Zolinga zisanu zomwe amanena ndi kupembedza, chiyanjano ndi okhulupirira anzako, kukula mu uzimu, kutumikira ndi kufalitsa uthenga. Silikuuzani kuti siyani Kanengo mupite mukalime tomato ayi. Chimene limachita ndi kukutembenuzirani funso, mumasiya kufunsa kuti ine ndikufuna chiyani nkuyamba kufunsa kuti amene anandilenga anandilengera chiyani. Ineyo zimenezo zinandimasula, ndinali munthu wongodziyerekeza ndi anzanga a ku sekondale pa Facebook daily. Koma kwa munthu wosapemphera aona ngati ulaliki wautali, ndisakunamizeni.

Myles Munroe ndiye amafika pafupi ndi funso lanulo, amalimbikira kwambiri za mphatso imene munthu anabadwa nayo ndi kuopsa kofa usanaigwiritse ntchito. Anali wa ku Bahamas, anamwalira pa ngozi ya ndege mu November 2014 pamodzi ndi akazi awo. Maulaliki awo ambiri ali pa YouTube, mverani kaye umodzi usiku bandulo ikatchipa muone ngati kalankhulidwe kawo kakukugwirani musanatulutse ndalama. Ena amawakonda, ena amati amabwereza mfundo imodzi kwambiri.

Ine nditakhala inu ndikanayamba ndi mtima, za timu zibwere pambuyo.

Ndirande_Finest

Aise zosavuta izi. Za cholinga cha moyo ndi nkhani za anthu okhuta. Munthu uli ndi lendi, mayunitsi a magetsi, mwana akufuna fizi, nde ukhale pansi uzifunsa kuti ndinabadwiranji? Unabadwira kulipira mabilu man kkkkk. Gwira ntchitoyo, salale yakwerayo uzisungako kangachepe, chaka chamawa ugule pampu ya sola, munda uzikauyendera pa weekend, Dedza si kutali ukanyamuka m'mawa 9 koloko uli m'dimba. Mabuku onsewa amanena chinthu chimodzi chomwechomwecho masamba 200, ine la Maxwell la malamulo 21 lija ndinafika lamulo lachinayi tulo basi, pano likuchirikiza mwendo wa tebulo ya TV ndipo ntchito imeneyo likuigwira bwino heavy.

Sista_kuLeeds

Achimwene a ku Ndirande mwandiseketsa, ndipo za pampu ya solazo mwanena nzeru kuposa mmene mukuganizira. Koma pa za okhutazo ndikana. Buku lamphamvu kwambiri pa nkhani imeneyi analemba munthu amene anali ndi njala yeniyeni. Viktor Frankl anali dokotala wa matenda a maganizo ku Vienna, Myuda, a Nazi anamutsekera m'misasa yawo kuphatikizapo Auschwitz, makolo ake, mchimwene wake ndi mkazi wake onse anafera m'misasamo. Atatuluka analemba Man's Search for Meaning, linatuluka koyamba m'Chijeremani mu 1946. Chimene anaona mkatimo ndi choti amene anali ndi china chowadikira kunja, kaya mwana kaya ntchito yosamaliza, ankapirira kuposa amene anangoti basi palibenso chokhalira. Ndipo iye sanena zoti cholinga ndi chinthu chimodzi chachikulu chobisika kwinakwake choti ukachisake. Amati tanthauzo la moyo limapezeka pa ntchito imene ukuchita, pa munthu amene ukumukonda, komanso pa mmene ukuimira pa vuto lomwe sungalithawe, ndipo limasintha malinga ndi nthawi. Ndi kabuku kochepa, masiku owerengeka mwamaliza. Achimwene a ku Kanengo ndikuona ngati limeneli lingakukhazikeni mtima pansi kuposa awiri mwatchulawo, chifukwa silikukakamizani kusankha lero pakati pa Kanengo ndi Dedza.

Komano funso lanu linali loti buku limodzi. Ngati mukufuna limodzi logwira mbali zonse ziwiri ndiye ndi The 7 Habits of Highly Effective People la Stephen Covey, la 1989. Zizolowezi zitatu zoyambirira ndi za iwe mwini, ndipo chachiwiricho ndi funso lanu lenileni, amakuuza kuti uyerekeze uli pa maliro ako omwe, wachibale, mnzako, wakuntchito ndi wakumpingo kapena wa m'dera akuimirira kulankhula, ukufuna adzanene chiyani, kenako ulembe papepala chimene ukukhalira moyo. Zitatu zotsatira ndi za kukhala ndi anthu, kufuna kuti mbali zonse zipindule, kumvetsera kaye usanafune kumvedwa, ndi kuphatikiza nzeru. Chachisanu ndi chiwiri ndi kudzisamalira kuti usathe mphamvu. Vuto lake ndi lalitali ndipo Chingerezi chake ndi cholemera, masamba oyambirira amakoka, munthu wofika kunyumba atatopa akhoza kulisiya panjira likathere pansi pa tebulo ngati la anzathu a ku Ndirande.

Ine kuno ku UK ndimatsogolera timu ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, muli anthu a ku Nigeria, Zimbabwe, Philippines, India ndi azungu eni dziko, aliyense ndi kamvedwe kake ka ulemu. Lomwe linandithandiza zenizeni sabata yoyamba si lalikulu ayi, ndi The One Minute Manager la Ken Blanchard ndi Spencer Johnson, la 1982, lopyapyala loti madzulo amodzi latha. Mfundo ndi zitatu zokha. Munthu aliyense adziwe bwinobwino chimene ukuyembekezera kwa iye, cholembedwa mwachidule. Ukamupeza akuchita bwino umuyamikire pomwepo ndipo utchule chenichenicho, osati "mukugwira bwino ntchito" koma "mmene mwasanjira matumba aja lole yatuluka msanga". Akaphonya umuuzenso msanga, chinthu chimodzi, mwachidule, nkumutsimikizira kuti iyeyo ulibe naye chifukwa. Ambiri timasunga zolakwa za munthu miyezi itatu nkudzamukhuthulira zonse tsiku lomwe takwiya, iye amangomva mkwiyowo.

China chomwe sichifuna kugula buku. Simon Sinek mutu wa Leaders Eat Last anautenga ku mwambo wa asilikali a Marines a ku America, komwe akuluakulu amadya pomaliza ang'onoang'ono atatenga kale. Kwathu tinakula mosiyana, ndiwo yabwino imayamba yapita kwa akulu. Nde bwana akachita zosiyana anthu amaona msanga. Tsiku lomwe malole afika atatu nthawi imodzi dzuwa lili pamutu, siyani faelo mukwere nawo pa lole. Osati daily, simunakwezedwe kuti muzisenza, koma tsiku lovuta lija.

HR_wapaMzuzu

Onse mwalankhula bwino koma palibe amene watchula chowerenga chimene chingakupulumutseni ku milandu, ndipo ndi chaulere. Musanagule chilichonse bwana pitani ku ofesi mukapemphe ma conditions of service a kampani yanu, muwerenge gawo la chilango mpaka mulilowetse m'mutu. Kenako tsegulani Employment Act ya 2000, ili pa MalawiLII pa intaneti, pafoni pomwepo mutha kuwerenga.

Ndikunena izi chifukwa bambo a ku Thyolo ati "akabwereza mumulembera", zoona, koma kulembera kuli ndi njira yake. Masupavaiza atsopano ambiri amagwera apa. Gawo 57 la lamuloli limanena kuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza kaye. Nde inu mukapsa mtima nkumuuza mnzanu uja pagulu kuti "nyamuka usabwerenso", olo akhale wolakwa chotani nkhani ikakafika ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito, kampani ikhoza kuluza chifukwa cha ndondomeko yokha, ndipo mabwana anu sadzayang'ana Lencioni, adzayang'ana inu. Dziwaninso malire a mphamvu zanu, m'makampani ambiri supavaiza amangopereka chenjezo la pakamwa ndi kulemba lipoti, zotsalazo ndi za manijala ndi HR.

Gulani kope la hardcover, lotchipa lomweli. Tsiku, nthawi imene munthu wafika, chimene munamuuza, chimene anayankha. Muzilemba za onse, zabwino ndi zoipa zomwe, osati za amene mwakhumudwa naye yekha. Pakatha miyezi iwiri kopelo lidzakuuzani zinthu zomwe maso sakuona, mwina mudzapeza kuti wochedwa kwambiri si bambo achikulire aja.

Za ovataimu nazonso muzidziwe chifukwa ndi zimene zimadanitsa kapitawo ndi anyamata kuposa china chilichonse. Maola a ntchito pa sabata sayenera kupitirira 48, opitirira apo ndi ovataimu, ya tsiku wamba ndi malipiro a ola limodzi ndi theka lake, ya tsiku lopuma kapena la holide ndi kawiri. Lole ikafika mochedwa anthu nkutsala mpaka usiku, maola amenewo alembeni molondola ndipo muwamenyere nkhondo ku ofesi. Anyamata akaona pa payslip kuti maola awo atuluka onse, kukhulupirirana kumene mabuku akunenako kwayamba kale.

Pa mabukuwo, musanagule kayang'aneni ku National Library ku City Centre, ndipo la Warren funsani kutchalitchi, anthu ambiri ali nalo m'nyumba likungodya fumbi. Mukagula kwa oyala pansi tsegulani pakati muone manambala a masamba, ine lina ndinapeza masamba ena abwerezedwa kawiri chaputala chonse palibe.

Kapitawo_Watsopano

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti muyankha mozama chonchi.

Bambo a ku Thyolo ndachita zomwe munanena. Ndinawadikira poweruka tinayenda limodzi mpaka pa geti akukankha njinga yawo. Nkhani yake mayi akunyumba akudwala, nde m'mawa ndi iwo amene akumakonzekeretsa zidzukulu ziwiri nkuzisiya kusukulu kenako nkupalasa kuchokera ku Mtandire. Akuti amaopa kunena kuti angaoneke ngati akupempha chifundo kwa mwana. Za mpando sanatchule ndipo ine sindinafunse. Apempha kuti kwa kanthawi aziyamba 8 nkumaweruka mochedwerapo ndi ola limodzi, amanijala ati zili kwa ine bola malole asachedwe.

Buku ndasankha la Lencioni chifukwa choti ndi nthano, ndikudzidziwa ndekha, la Covey lingandigonetse. La Warren lapezeka kwa mlamu wanga, HR munalosera kkk. Mai a Tadala musadandaule sindinathawe funso lanu, la Frankl ndalilemba pa mndandanda wa mwezi wamawa, ndipo za pampu ndayamba kufunsa mitengo.

Koma funso lina labadwa. Ndikawalola bambowa kuyamba 8, mnzanga uja ndi ena sadzati nafenso? Ndipo nkhani ya matenda a kunyumba kwawo si yanga yoti ndiziulutsa.

Mai_a_Tadala

La mlamu wanulo muliwerengedi, osati kungolisamutsa fumbi kuchoka nyumba ina kupita ina kkk. Ndipo mayi akudwalawo mukawaone Loweruka lina, shuga paketi imodzi sangakusaukitseni.

Nkhalakale_waThyolo

Adzanena ndithu, nde musadikire kuti azimve kumbali. Afunseni kaye bambowo kuti ndinene mpaka pati, kenako Lolemba mulengeze nokha iwo ali pomwepo, kuti chifukwa cha nkhani ya pabanja aziyamba 8 nkuweruka mochedwa ndi ola limodzi mpaka kutha kwa mwezi wamawa, tikatero tidzaonanso. Matenda musatchule. Mutsindike kuti maola awo ndi omwewo, sanachotseredwe olo mphindi, ndipo ndi iwo azitseka ndi kusainira lole yomaliza, imene aliyense amaithawa ija. Munene kuti wina akakhala ndi vuto lenileni khomo ndi lomwelo, abwere tikambirane zisanachitike osati atajomba kale. Zimenezi muzilembe mu kope la a HR lija, bambowo asaine, amanijala alandire kope lawo.

Mnzanuyo akabwera kuti nanenso, mufunseni kuti ola limene akufuna kuchotsa madzulolo alibweza nthawi yanji. Akati m'mawa, muuzeni geti imatsegulidwa 6 koloko.